Masamba Atatu a Kumapeto kwa Kope

M'kalasi ya zachuma ya chaka choyamba munali ophunzira oposa zana, koma kope lodalirika linali limodzi lokha. Mwini wake anali mtsikana wamfupi wa pa benchi yachiwiri, amene aliyense ankangomutcha Mlembi. Mitu ankalemba ndi cholembera chofiira, magalafu ankajambula ndi lula, ndipo kufufuta sankakudziwa. Mayeso akayandikira, mtsogoleri wa kalasi ankabwereka kopelo n'kukapangitsa fotokope, tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo aliyense ankalandira mpukutu wake, ngakhale aja amene chitseko cha kalasiyo ankangochimvera kwa anzawo. Mlembi sankakana. Tisanamizane, kutamandidwa kumakoma.

Matenda ake a mtima anakula Lolemba lina m'mawa. Mphunzitsi wawo anali bambo wadazi amene ophunzira anawapatsa dzina loti a Zinazonse, chifukwa mfundo yawo iliyonse inkathera pa mawu akuti "zina zonse zikakhala momwe zilili". Tsikulo anajambula mizere iwiri pa bolodi n'kutembenuka, choko chili m'manja.

"Wogula musamufunse chimene amakonda," anatero a Zinazonse. "Adzakunamizani, n'kudzinamizanso yekha. Muikireni zinthu ziwiri patsogolo, zonse zoti angazikwanitse, inu mukhale phee, muone chimene watola. Chimene watolacho ndiye mtima wake. Pakamwa sipagula kanthu. Zina zonse zikakhala momwe zilili."

Mlembi analemba mawuwo, n'kudula mizere iwiri pansi pake. Kenako anacheuka.

Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera losatsekeka, kunakhala Chipewa, mnyamata wowonda amene chipewa chake chobiriwira ankavula pokhapokha a Zinazonse akamuyang'ana katatu. Iye ndi Mlembi anali pa chibwenzi miyezi isanu, mobisa, chifukwa choopa achimwene ake a Mlembi. Achimwenewo anali kalipentala, malo awo ogwirira ntchito anali kutsidya kwa tauni, ndipo ndiwo anamulera Mlembi bambo awo atamwalira. Tsiku lomuperekeza ku yunivesite anamuuza ali pa geti: "Digiri kaye. Ndikangomva za mwamuna, hositelo uiiwale. Uzidzagona kwathu n'kumayendera basi, ine ndikukuperekeza mpaka pakhomo pa kalasi."

Pambali pa Chipewa, mapewa kuchita kugundana, panakhala Wandolo, mtsikana wa ndolo zazikulu ngati zibangili, amene kuseka kwake kunkamveka mpaka pa bolodi. Sanakhalirane pafupi mwangozi ayi. Masabata awiri m'mbuyomo a Zinazonse anagawa kalasi awiriawiri pochita maere, theka likafufuze za ogula, theka likafufuze momwe makampani ang'onoang'ono amagwirira ntchito. Mlembi anagwera mnzake wa m'chipinda, ntchito yawo kufunsa anthu m'sitolo chifukwa chimene amatolera sopo uyu n'kusiya uyo. Chipewa anagwera Wandolo. Kuyambira pamenepo, masana a Lachiwiri ndi Lachinayi, amene kale ankathera pa benchi ya kuseri kwa laibulale, Mlembi ankawathera yekha.

*

Lachiwiri masana Mlembi anakhala pa bedi lake la pansi n'kutumiza uthenga kwa Chipewa.

"Lero tionana pa benchi?"

Yankho linabwera patatha mphindi khumi ndi ziwiri. Mphindizo anachita kuziwerenga.

"Lero ayi wanga, tikupita ku kampani kuja."

"Kampani yake iti kodi? Ilibe dzina?"

"Ndidzakuuza nthawi yake ikakwana. Ungondikhulupirira."

Kuchokera pa bedi la m'mwamba kunatsika mutu, tsitsi lili lendelende. Anali mnzake wa m'chipinda uja, amene hositelo yonse inkamutcha Wailesi poti nkhani iliyonse inkayambira kwa iye.

"Wati chiyani?"

"Akuti ndingomukhulupirira."

"Hee! Mawu amenewo ndimawadziwa ine, achemwali anga anawamva zaka zitatu." Wailesi anatsika n'kudzakhala pambali pake. "Sindimafuna kukuuza, koma ndikabisa ndidwala. Lachinayi ndinawaona akukwera basi pa geti la kumunsi. Mphepo inamuvula chipewa, Wandolo n'kuchitola. Ukuganiza anamubwezera? Anachivala yekha, mpaka basi inanyamuka chili pamutu pake."

Chipewa chimenecho palibe ankachigwira. Mlembi mwini, chibwenzi cha miyezi isanu, anachigwirapo kamodzi kokha, ndipo mwini wake anachita kumugwira dzanja n'kuchibweza pamutu akuseka.

"Mwina anangochigwirizira," anatero Mlembi, mawu ali pansi.

"Pamutu? Amagwirizira pamutu masiku ano? Iwe ndiwe wanzeru m'kalasi mokha. Mapanga awiri avumbwitsa, koma wovumbwa pano ukhala iweyo."

Wailesi atatuluka kukachapa, Mlembi anatsegula kope lake la zachuma. Kulira sanafune, kukalipa sankadziwa. Chimene ankadziwa ndi kulemba. Anapita ku masamba oyera a kumapeto, anatenga cholembera chofiira n'kulemba mutu mwaukhondo:

"Wogula: Chipewa. Katundu A: ine. Katundu B: wa ndolo uja. Chimene wogula ali nacho chochepa: maola a masana."

Pansi pake anajambula mabokosi a masiku, n'kuika B pa Lachiwiri.

*

Anachita monga anaphunzitsira a Zinazonse. Anasiya kufunsa, anayamba kuika zinthu patsogolo pa wogula.

Lachinayi anamulembera Chipewa kuti mutu ukumupweteka, abwere adzamuone. Chipewa anatumiza mapiritsi kudzera kwa mnzake wina, iye n'kukwera basi ndi Wandolo. B.

Lachiwiri lotsatira anatsitsa mtengo, monga amachitira wogulitsa katundu akakhalitsa pa shelefu. "Suyenera kubwera kuno. Ingondiuza komwe muli, ndikupeza konko, ndikhala chete pakona." Yankho linabwera msangamsanga ngati la munthu woponda moto: "Ayi! Usabwere chonde. Kuno ayi." B, ndipo Mlembi anakanikiza cholembera mpaka chinaboola pepala.

Lachitatu anakumana pa benchi, poti Lachitatu linalibe mpikisano. Chipewa anafika wotopa, zala ziwiri zitamatidwa pulasitala. Atakhala pafupi, mphuno ya Mlembi inagwira fungo lakuthwa pa malaya ake, fungo la mankhwala opaka kuti chinthu chiwale. Mwana wokulira m'nyumba ya kalipentala akanayenera kulidziwa fungo limenelo ali m'tulo, koma nsanje imatseka mphuno. Iye anangokumbukira zikhadabo zofiira za Wandolo.

"Zala zatani?" anafunsa.

"Ndinadzicheka pang'ono."

"Ndi funso liti la zachuma limene limacheka zala?"

Chipewa anaseka, koma maso anathawira ku khoma la laibulale. "Iwe masiku ano ukufunsa ngati wapolisi. Kodi wayamba kundikayikira?"

"Ine? Ayi. Ine sindifunsa, ndimangoona."

"Ndipatse masabata awiri okha. Lipoti likangolowa, ndidzakufotokozera zonse, ndipo udzaseka."

Mlembi sanaseke. Pobwerera anakumana ndi Wandolo pa masitepe a hositelo, ndolo zikugwedera.

"Mlembi wathu! Kope lija lituluka liti? Ife otanganidwafe timadalira iweyo."

"Mwatanganidwa kwambiri eti?"

"Usanene. Mnzako uja ndi wakhama, amachita kuvula malaya, thukuta kamukamu." Wandolo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, akumwetulira. "Komatu iwe umafanana ndi munthu wina amene ndamudziwa posachedwapa. Mphumi yomweyo."

Anatsika masitepe akuimba chamumtima. Mlembi sanamvetse za mphumizo, koma za malaya anazimva bwinobwino.

Masana omwewo anamaliza kafukufuku wake. Pa tsamba lachiwiri anajambula galafu ndi lula, maola a A mbali iyi, maola a B mbali iyo, kadontho ka wogula kali phee kumbali ya B. Pa tsamba lachitatu analemba zimene wapeza:

"Ndinkayesa kuti ine ndi iye tili ngati nsapato ya kumanja ndi ya kumanzere, zosagulika imodziimodzi. Ndapeza kuti ine ndi B tili ngati sopo awiri pa shelefu imodzi, wina akasowa wina alowa m'malo. Ndanamiza achimwene anga miyezi isanu chifukwa cha wogula ameneyu. Choipa kwambiri n'chakuti ndimamukondabe, ndipo zimenezo sindikudziwa kuti ndizijambule mbali iti."

Atalemba anamva kupepukidwa pang'ono. Anatseka kopelo n'kuliika pa tebulo, pamalo pake pa masiku onse, akudziuza kuti masamba atatuwo awang'amba mawa.

*

Mawa lake anatanganidwa ndi ogula sopo. Lachisanu anakhala tsiku lonse m'sitolo, pepala la mafunso m'manja, akumvera mayi wina akulumbira kuti amagula sopo wa fungo labwino yekha, dengu lake litadzaza sopo wosanunkhira. Atabwerera anapeza pa tebulo palibe kope.

"Mtsogoleri wa kalasi anabwera," anatero Wailesi ali m'mwamba, akudula zikhadabo. "Akuti mayeso ndi Lachisanu likubwerali. Ndamupatsa monga mwa nthawi zonse."

Mlembi anatola foni yake. Anaimba foni ya mtsogoleriyo kasanu, yozima. Anathamangira kumalo opangira fotokope, anapeza chitseko chili ndi loko, pa galasi atamata kapepala koti atsegula Lolemba. Anasuzumira pa zenera n'kuona mipukutu itasanjidwa pa kauntala, yomangidwa kale ndi malamba a mphira. Loweruka ndi Lamlungu chakudya sichinamulowe. Anadzuka Lolemba kusanache bwino kuti akafike woyamba, koma mtsogoleri wa kalasi, munthu wonyadira udindo wake, anali atanyamula kale mipukutu yonse pa wilibala.

Polowa m'kalasi, Mlembi anamva phokoso likuzima ngati wina watseka mpope. Anthu oposa zana, aliyense mpukutu m'manja, ndipo palibe amene anatsegula tsamba loyamba. Onse anali kumapeto.

"Katundu A wafika!" anakuwa mnyamata wina chapakati.

Kalasi inaphulika. Ena ankamenya mabenchi, ena ankapukuta misozi. Wina anafunsa mokweza ngati galafu ya kumapetoyo ibwera pa mayeso. Mlembi anakhala pa benchi yake yachiwiri, makutu akutentha, akulakalaka simenti itang'ambika imumeze. Atalimba mtima n'kucheuka, anaona Chipewa atawerama pa mpukutu wake, chipewa chili pa tebulo popanda womuuza kuti avule. Sankaseka. Wandolo naye sankaseka. Ankawerenga tsamba lachitatu modekha, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse, ndipo phunziro lisanafike pakati ananyamula chikwama chake n'kutuluka.

Phunziro litatha foni ya Mlembi inanjenjemera. Unali uthenga wa Chipewa.

"Pa benchi. Pompano."

*

Anamupeza atakhala kumapeto kwa benchi, chikwama pamiyendo. Mlembi anakhala kumapeto kwinako. Pakati pawo pakanakwana anthu atatu.

"Masabata awiri," anayamba Chipewa, osamuyang'ana. "Masabata awiri ukundiyeza ngati mayi wogula sopo. Mutu uja unkapwetekadi?"

"Ayi."

"Ine ndinazungulira masitolo awiri kufuna mapiritsi amene aja."

"Ukanabwera wekha."

"Ndikanabwera, inde." Anapuma mozama. "Ukanandifunsa maso ndi maso kuti kodi ukuyenda ndi Wandolo, ndikanakuyankha."

"Ndinakufunsa dzina la kampani, unakana. Ndinati ndibwere, unachita ngati ndanena zotukwana. Anavala chipewa chako, Chipewa! Ukubwera ukununkha utoto wa zikhadabo, ndiye umafuna ndiganize chiyani?"

"Utoto wa zikhadabo?"

Chipewa anamuyang'ana koyamba. Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa kabokosi ka matabwa, kotalika ngati lula, kokhala ndi chivindikiro chotsetsereka. Anakaika pakati pa benchi.

"Nunkhiza."

Mlembi anakatola. Fungo linali lomwe lija, ndipo tsopano mphuno yake inatseguka: vanishi. Anatembenuza kabokosiko n'kuona m'makona momwe matabwa analumikizidwira, mano olowana popanda msomali ngakhale umodzi. Kalumikizidwe kameneko anakulira nako. Tebulo limene anaphunzirira kulemba linali ndi makona omwewo.

"Awa ndi manja a achimwene," ananong'ona.

"Makona awiri ndi awo, awiri okhotawo ndi anga. Ndi amene anandidya zala." Chipewa anapotoza chipewa chake m'manja. "A Zinazonse atati tisankhe kampani, ine ndinasankha ya achimwene ako. Ndinati munthu ameneyu akadzamva dzina langa kuchokera kwa iwe, adzandithamangitsa asanandione nkhope. Bola ayambe wadziwa manja anga. Mafunso a lipoti tinamaliza sabata yoyamba. Masiku ena onsewa ndakhala ndikunyamula matabwa, kupala, kusesa utuchi. Lachinayi anandiuza kuti ndikadzamaliza sukulu ndisadzasowe, ndine mwana wolongosoka. Kabokosika ndimafuna ndidzakupatse tsiku lokuuza, uziikamo zolembera zako zofiirazo."

Misozi imene Mlembi anaisunga masabata awiri inatsika yonse nthawi imodzi. Manyazi, chisoni ndi chikondi zinamugwira pamodzi, ndipo chachikulu chinali manyazi.

"Bwanji sunandiuze?"

"Iwe ukanatha kukhala nawo pa tebulo Lamlungu osaululika? Nkhope yako imawerengeka kuposa kope lako." Anaseka pang'ono, koma kuseka kowawa. "Galafu yako ndi yaukhondo, Mlembi. Unangoiwala mawu amene a Zinazonse amatithera nawo tsiku lililonse. Zina zonse sizinali momwe zinalili."

"Pepa. Chonde pepa."

"Kalasi yonse ikunditcha wogula. Zimenezo ndipirira. Chikundiwawa n'chakuti miyezi isanu yonseyi sinakwane kuti undikhulupirire masabata awiri."

Mlembi anakumbatira kabokosiko pachifuwa. Koma kukayika ndi chizolowezi chovuta kuchisiya tsiku limodzi, ndipo funso lina linamutuluka lokha.

"Nanga Wandolo? Ngati mafunso anatha sabata yoyamba, iye ankapitiranji?"

Chipewa anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. "Ankati akufuna kuonetsetsa momwe ntchito imayendera."

"Ndi zikhadabo zimene zija? Anagwirapo thabwa?"

"Ayi. Ankangokhala pa mpando n'kumacheza."

"Akudziwa kuti kalipentalayo ndi achimwene anga?"

"Anadziwa sabata yatha. Anaona chithunzi chako pa khoma, chija unavala yunifolomu." Mawu a Chipewa anayamba kuchepa. "Anandifunsa, ine n'kumupempha kuti asunge pakamwa."

Mphumi yomweyo. Mlembi anakumbukira kumwetulira kwa pa masitepe kuja, n'kukumbukiranso chala chikuyenda pansi pa mizere ya tsamba lachitatu, ndi chikwama chikutuluka phunziro lili m'kati.

"Chipewa, Wandolo wapita kuti?"

Asanayankhe, foni ya Mlembi inalira. Pa galasi panalembedwa kuti Achimwene.

*

Mlembi anayankha foniyo. Kumbuyo kwa mawu kunalibe phokoso la macheka ngati masiku onse. Makina onse anali atazimitsidwa.

"Moni achimwene."

"Mlongo wanga," anatero achimwene, modekha moopsa, "lula lako loyamba anakugulira ndani?"

"Inuyo, achimwene."

"Ndiye zolemba zako ndingazisokoneze ndi za munthu wina? Pali mapepala pano pa benchi yanga. Mwini wake, mtsikana wa ndolo uja, akuti anawaiwala, koma anawaiwala atatsegula tsamba lomaliza, n'kutsamiritsa ndi hamala kuti mphepo isatseke. Ndawerenga kawiri. Za magalafuzo sindikuzimva, sukulu yanga inali yochepa. Koma pamene palembedwa kuti ndanamiza achimwene anga miyezi isanu, pamenepo ndamva bwinobwino."

"Achimwene, ndikufotokozereni..."

"Udzafotokoza. Chimene chandisokoneza n'china. Mnyamata wa chipewayo ine ndinamulandira ngati mwana wa pakhomo, poti mtsikanayu anandiuza tsiku loyamba, mnyamatayo ali panja kutsitsa matabwa, kuti ndi bwenzi lake ndipo makolo akudziwa. Lero ndikumva kuti ndi wako. Ndiye mmodzi wa inu atatu akundiyesa chitsiru m'malo anga omwe."

Mlembi anayang'ana Chipewa. Foni inali yokweza, anamva zonse. Nkhope yake inachita kuyera, ndipo Mlembi sanathe kudziwa ngati kunali kudabwa kapena kugwidwa.

"Ubwere isanakwane folo koloko," anapitiriza achimwene. "Ubwere ndi chikwama chako cha zovala, ndiponso ubwere ndi wogula wakoyo, ngati angalole. Katundu B ali pompano, ndamupatsa mpando."

Foni inaduka.

Mlembi anafuna kufunsa ngati Chipewa ankadziwa zimene Wandolo ananena tsiku loyambalo. Anafunanso kufunsa ngati apita naye. Mafunso onse awiri anafika pa lilime, iye n'kuwameza. Kumanzere kwa benchi kunali njira yopita ku hositelo ya anyamata, kumanja njira yotsikira ku geti la kumunsi, ndipo zonse ziwiri zinali zoti munthu angazikwanitse.

Chipewa anaimirira, anakung'untha chipewa chake pa bondo n'kuchivala. Anayang'ana kumanzere nthawi yaitali.

"Katenge chikwama chako," anatero pomaliza, akutembenukira kumanja. "Undipeza pa geti. Koma m'basimo usandiyankhulitse, ndipo tikakafika, pali chinthu china chimene Wandolo akanene chimene ine sindinakuuze."